Kodi kompyuta ingazindikire chomwe mkono wa mayi anga ukufuna kuchita pambuyo pa sitiroko?

Funso lochokera kwa owerenga a ku Mangochi: "Ndimakonza mafoni ndi mawailesi pa Boma, ndipo ndinaphunzirako kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mayi anga, omwe amakhala ku Malindi ndipo ankachita geni ya nsomba, anadwala sitiroko miyezi iwiri yapitayo. Mwendo ukulimba, akuyenda ndi ndodo, koma mkono wamanja ndi wopindika ndipo zala sizikutambasuka. Ndaona pa intaneti zipangizo zomanga pamkono zomwe zimamva magetsi a m'minofu, kenako kompyuta n'kuzindikira chomwe munthu akufuna kuchita. Kodi zimatheka bwanji, ndipo ndingapange changa kuti chithandize mayi?"

Achimwene, pepani kwambiri ndi matenda a mayi. Zimene mwaonazo si zabodza, ndipo munthu wodziwa kulumikiza mawaya ndi kuwotcherera ngati inu angathe kupanga chipangizo chomva magetsi a m'minofu popanda kuwononga ndalama zoopsa. Koma ndinene poyambirira pomwe kuti kuzindikira chomwe mkono ukufuna kuchita ndi ntchito ina, kubwezeretsa mkonowo ndi ntchito inanso, ndipo chipangizo chingathe kuchita bwino ntchito yoyambayo osathandiza konse pa yachiwiriyo. Mayi ali m'nyengo imene ubongo umakonzanso njira zake msanga kuposa nthawi ina iliyonse, makamaka miyezi itatu yoyambirira, choncho chilichonse chimene mupange chiyenera kuwonjezera pa mafizo a tsiku ndi tsiku, osati kuwadikiritsa.

Munthu akafuna kufumbata dzanja, uthenga umachokera mu ubongo, umatsika mumsana, kenako umadutsa m'mitsempha ya mauthenga mpaka kukafika ku minofu ya mkono. Mtsempha umodzi umalamulira gulu la timaulusi ta mnofu, ndipo uthenga ukafika, timaulusi tonse ta gululo timatulutsa kamphamvu ka magetsi tisanakokeke. Pofuna kugwira chinthu mwamphamvu, ubongo umadzutsa magulu ambiri ndipo umawatumizira uthenga pafupipafupi, motero magetsi omveka pakhungu amachuluka. Zoti minofu ndi magetsi zimayendera limodzi zinadziwika kalekale, pamene Luigi Galvani wa ku Bologna anafalitsa zimene anapeza pa miyendo ya achule m'chaka cha 1791, ndipo kujambula magetsi amenewa ndi kumene achipatala amati EMG. Sitiroko sinawononge minofu ya mayi ngakhale mitsempha ya m'mkono mwawo. Inawononga kachigawo ka ubongo kapena njira yomwe uthenga umatsikira, mbali ya kumanzere popeza mkono wofooka ndi wamanja. N'chifukwa chake nthawi zina EMG imaonetsa kuti mnofu ukuyesa kugwira ntchito ngakhale maso sakuona chala chilichonse chikusuntha, ndipo kwa wodwala amene wayamba kutaya mtima, kuona umboni woterowo si chinthu chaching'ono.

Magetsiwo ndi ochepa zedi. Pakhungu timapeza kuyambira mamayikirovoliti ochepa mpaka mamilivoliti ochepa, kutanthauza kuti ngakhale mnofu utakokeka mwamphamvu, magetsi ake safika paliponse poyerekeza ndi batire limodzi la tochi la mavoliti 1.5. Amagwedezeka pakati pa 20 Hz ndi 500 Hz, kutanthauza ka 20 mpaka ka 500 pa sekondi, ndipo mphamvu yawo yambiri ili pakati pa 50 Hz ndi 150 Hz. Apa pali vuto lomwe inu okonza mawailesi mukulidziwa kale: magetsi a ESCOM amayenda pa 50 Hz, thupi la munthu limatola phokoso limeneli kuchokera ku mawaya a m'nyumba, ndipo phokosolo limagwera ndendende pamene pali uthenga womwe tikuufuna. Pothana nalo timamata pakhungu maelekitirodi awiri, tizitsulo tomva magetsi, motsatira kutalika kwa mnofu, motalikirana masentimita awiri, ndi lachitatu pafupa monga pachigongono, kenako ampulifaya imakulitsa kusiyana kwa awiriwo kokha n'kutaya phokoso lomwe onse amva mofanana. Zotsika kuposa 20 Hz timazisefa chifukwa zambiri zimachokera ku kugwedezeka kwa mawaya, ndipo kuti tisataye uthenga timawerenga magetsiwo kosachepera ka 1000 pa sekondi.

Pulogalamu wamba timailembera malamulo, monga akuti magetsi akaposa muyeso wakuti nyale iyake. Njira ya machine learning ndi yosiyana, chifukwa m'malo molemba malamulo timaipatsa kompyuta zitsanzo zambiri zokhala ndi mayina, iyo n'kupeza yokha malire osiyanitsira. Taganizirani mmene mayi anaphunzirira kusankhula nsomba padoko. Palibe anawapatsa muyeso wa masentimita wosiyanitsa utaka, kambuzi ndi kasawala. Anaona nsomba zambirimbiri, wina akuwauza kuti uwu ndi utaka, uyu ndi kasawala, mpaka maso anazolowera kuphatikiza kukula, mtundu ndi maonekedwe a mutu nthawi imodzi. Kompyuta nayo timaiphunzitsa chimodzimodzi. Timamuuza munthu kuti afumbate, atambasule, apinde chigongono, apumule, tikujambula EMG ndi kulemba kuti nthawi yakuti amachita chakuti. Zojambulidwazo timazidula tizigawo ta mamilisekondi pafupifupi 200, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndipo pa kachigawo kalikonse timawerengera manambala ochepa ofotokoza maonekedwe ake. Manambala anayi amene agwira ntchito kwa zaka zambiri anafotokozedwa m'chaka cha 1993 ndi Hudgins, Parker ndi Scott a pa University of New Brunswick ku Canada: kukula kwa magetsi pa avareji, kangati mzere woonetsa magetsiwo wadutsa pa ziro, kangati wasintha kuchoka kokwera kupita kotsika, ndi kutalika kwa mzerewo mutati muuwongole. Ngati mukumvetsera minofu isanu ndi umodzi, kachigawo kalikonse kamasanduka manambala 24, ndipo ntchito ya kompyuta ndi kuphunzira kuti manambala 24 ooneka motere amatanthauza kufumbata, ooneka mwina amatanthauza kutambasula. Kachigawo kakatalika kompyuta imalondola bwino koma imachedwa kuyankha, ndipo kuchedwako kukaposa mamilisekondi pafupifupi 300 munthu amayamba kumva kuti chipangizo sichikuyendera limodzi ndi iye.

Njira zopezera malire zilipo zingapo. Yakale ndi yosavuta ndi LDA, yomwe imalemba malire owongoka pakati pa magulu. Pali SVM, yomwe ingathe kupinda malirewo. Palinso ma neural network akuluakulu omwe amaphunzira kuchokera ku mzere wa magetsi weniweniwo popanda ife kuwasankhira manambala. Mukawerenga pa intaneti mudzaona anthu akutamanda akuluakuluwo, koma ine ndikulangizani kuyamba ndi LDA. Imaphunzira m'masekondi ochepa, imakwana pa kabodi kakang'ono kapena pafoni, ndipo mungathe kuiphunzitsanso m'mawa uliwonse, chinthu chimene muone posachedwa kuti n'chofunika kwambiri. Ma neural network amafuna zitsanzo zochuluka zomwe wodwala mmodzi wotopa msanga sangakupatseni. Pali nkhokwe zaulere za zojambulidwa monga Ninapro ya ku Switzerland, yomwe gawo lake loyamba linali la anthu athanzi 27 akuchita mayendedwe 52 a dzanja, ndipo pambuyo pake anawonjezera anthu odulidwa mikono. Nkhokwe zotere ndi zabwino pophunzirira kulemba pulogalamu yanu. Sizingakuuzeni mmene mkono wa mayi ukuchitira.

Kwa munthu wathanzi, ndi mayendedwe ochepa osiyana bwino, kulondola koposa 90 pa 100 si kwachilendo, ndipo mavidiyo ambiri omwe mwaona ndi a anthu otero. Mkono wa sitiroko ndi nkhani ina. Njira yaikulu yotsikira uthenga ikawonongeka, ubongo umadalira njira zina zomwe sizitha kulamulira mnofu umodziumodzi, motero minofu imadzuka m'magulu. Signe Brunnstrom, katswiri wa mafizo wobadwira ku Sweden yemwe anagwira ntchito ku America, anafotokoza bwino magulu amenewa, ndipo lomwe ndikukhulupirira kuti mukuliona kwa mayi ndi lopinda: akayesa kukweza mkono cham'mbali, phewa limakwera, chigongono chimapindika chokha, zala n'kufumbata. Mukawauza kuti atambasule zala, minofu yotambasula imadzuka pang'ono, koma yofumbata imadzukanso nthawi yomweyo, nthawi zambiri mwamphamvu kuposa inzakeyo. Kwa kompyuta, zimenezi zikutanthauza kuti manambala a kutambasula ndi a kufumbata akugwera malo amodzi, ndipo palibe masamu amene angalembe malire abwino pakati pa zinthu ziwiri zosasiyana. Kafukufuku wina wa ku America wofalitsidwa m'chaka cha 2011, wa Lee ndi anzake, anayesa kusiyanitsa ntchito zisanu ndi imodzi za dzanja kwa anthu omwe anadwalapo sitiroko, kompyuta itaphunzitsidwa pa munthu aliyense payekha. Kwa omwe dzanja linali lofooka pakatikati inalondola pafupifupi 71 pa 100, koma kwa ofooka kwambiri inalondola pafupifupi 38 pa 100 basi. Amene akufuna thandizo kwambiri ndi amenenso kompyuta imavutika kuwamva, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera, mayi akuoneka kuti ali kufupi ndi gulu lachiwirilo pakadali pano.

Palinso china chozama kuposa kulondola. Luso lonseli linakulira m'ntchito ya mikono yochita kupanga, ndipo makampani monga Coapt ya ku Chicago ndi Ottobock ya ku Germany amagulitsa zipangizo zotere kwa anthu odulidwa mikono. Munthu wodulidwa mkono ubongo wake ndi wabwinobwino. Chilichonse chimene minofu yotsalayo ichite pofuna kutsegula dzanja, bola azichibwereza mofanana, kompyuta iyenera kuchilandira n'kutsegula dzanja lochita kupangalo. Kumeneko makina ndiwo ayenera kuzolowera munthu. Kwa mayi zinthu zatembenuka, chifukwa kadzukidwe ka minofu yawo ndi komwe kali vuto lomwe tikufuna kusintha. Mukaiphunzitsa kompyuta kuti kutambasula kwa mayi ndi zimene akuchita lero, kukweza phewa ndi kulimbitsa mkono wonse, iyo idzawayamikira nthawi iliyonse akachita zimenezo, ndipo mudzakhala mwapanga chipangizo cholondola kwambiri chomwe chikukhomerera chizolowezi chimene a mafizo akulimbana nacho. Mukaiphunzitsa pa mkono wanu kapena pa mkono wawo wamanzere, mayi sadzafikapo pa muyesowo, nyale sidzayaka, ndipo pakutha pa sabata adzakuuzani kuti muchotse zinthu zanuzo. Njira yanzeru ili pakati: muyeso umene angaufikire akayesetsa, wosunthidwa pang'onopang'ono kulowera ku kayendedwe koyenera. Kusankha muyeso umenewo si ntchito ya masamu, ndi ntchito ya diso la munthu wa mafizo amene wawagwira mkono n'kuona pomwe ali.

Nanga chimabwezeretsa mkono n'chiyani? Chomwe tikudziwa bwino ndi chakuti ubongo umaphunzira pobwereza ntchito yeniyeni kambirimbiri, munthu akuyesa yekha ndi mtima wake wonse. M'kafukufuku wa nyama zimene zinachira pambuyo povulala ubongo, kubwerezako kumafika mazanamazana pa tsiku. Koma Catherine Lang ndi anzake ataonerera mafizo m'zipatala za ku America ndi Canada, anapeza m'chaka cha 2009 kuti pa ulendo umodzi wa mafizo wodwala ankabwereza ntchito ya mkono ka 32 kokha pa avareji. Ngati zili choncho kumene a mafizo ndi ambiri, kwathu kuno, kumene wodwala wa ku Makanjira kapena ku Namwera amayenda ulendo wautali kuti aonane nawo, mpata ndi waukulu kwambiri, ndipo umadzazidwa kunyumba kapena sudzazidwa konse. Makina okha sanaonetse kuti ndi yankho. Kafukufuku wamkulu wotchedwa RATULS, wa anthu 770 ku Britain, wofalitsidwa m'chaka cha 2019, anayesa loboti yophunzitsa mkono katatu pa sabata kwa masabata 12, ndipo pa muyeso waukulu womwe anasankha, mikono ya ogwiritsa ntchito lobotiyo sinachire kuposa ya olandira chithandizo cha nthawi zonse. Loboti imeneyo sinkayendera EMG, choncho sindikunena kuti nkhani yanu yagamulidwa kale. Ndikungofuna muone kuti chipangizo chodula ndi chooneka bwino mwina sichingachite bwino kuposa manja a munthu. Ubwino weniweni wa EMG ndi wakuti imadikira kuti wodwala ayese kaye, ndipo yankho limabwera pa nthawi yomwe ubongo watumiza uthenga, zomwe zikugwirizana ndi mmene ubongo umaphunzirira.

Choncho ndikanakhala inu sindikanayamba ndi dzanja la loboti kapena mayendedwe khumi. Ndikanapanga chipangizo chomvetsera minofu itatu kapena inayi: yotambasula zala, yomwe ili kumbuyo kwa mkono pansi pa chigongono, yofumbata, yomwe ili kutsogolo kwake, wopinda chigongono, ndi uja wa pakati pa khosi ndi phewa, womwe umaulula munthu akamakweza phewa m'malo mokweza mkono. Ndikanachifunsa mafunso ochepa: kodi mayi akupumula, akuyesa kutambasula minofu yofumbata ili chete, akuyesa kutambasula koma yofumbata yalowerera, kapena akugwiritsa ntchito phewa? Akatambasula bwino, foni ilire kapena nyale iyake, ndipo chipangizo chiwerenge kamodzi. Madzulo muziona kuti lero ayesa kangati ndipo kangati kanali koyenera. Ntchito imeneyi ikuoneka yaing'ono, koma ndi imene ikusoweka kwenikweni, chifukwa kunyumba palibe amene amawerenga, ndipo achibale, chifukwa cha chikondi, amayamikira kusuntha kulikonse ngakhale kolakwika. Ndinenenso mosabisa kuti pa minofu iwiri yokha mwina simudzafuna machine learning konse. Kuyerekeza kukula kwa magetsi a mnofu wotambasula ndi wofumbata kungakwanire. Machine learning imayamba kupindula minofu ikachuluka ndipo malamulo olemba pamanja ayamba kusokonekera. Dziwaninso kuti timabodi tina totsika mtengo timangotulutsa kukula kwa magetsi, mzere weniweniwo titausalaza kale, choncho manambala monga kudutsa pa ziro simungawapeze. Komanso mapulogalamu ambiri omwe mungawapeze pa intaneti analembedwera lamba wa pamkono wotchedwa Myo, wa masensa 8 owerenga ka 200 pa sekondi, yemwe anasiya kupangidwa m'chaka cha 2018.

Ndipo chipangizocho chizigwira ntchito mayi akuchita zinthu zenizeni, osati akungoyang'ana foni: kugwira kapu yapulasitiki n'kuisiya, kutola ndimu n'kuiika m'mbale, kupukuta patebulo, kugwirizira chitenje pomanga. Kusiya chinthu n'kovuta kuposa kuchigwira kwa munthu wa mkono wopindika, n'chifukwa chake ine sindisangalala ndikapeza wodwala wapatsidwa kampira koti azingofinya tsiku lonse popanda zoyeserera zotambasula.

Nyengo ya Mangochi idzakuyesani. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala thukuta limasintha mmene magetsi amadutsira pakhungu, limamatula maelekitirodi, ndipo nthawi zina limalumikiza awiri oyandikana mpaka kusiyana kwawo kuchepa. Mafuta odzola amatchinga magetsi, choncho khungu lizitsukidwa ndi kuumitsidwa musanamate. Elekitirodi likasuntha ngakhale sentimita imodzi kuchoka pomwe linali dzulo, limamva timaulusi tina ndi minofu yoyandikana, manambala amasintha, ndipo malire omwe kompyuta inaphunzira dzulo amakhala olakwika lero. Lembani pakhungu ndi cholembera, kapena telala akusokereni kansalu kovala pamkono kokhala ndi mabowo pamalo ake. Mkono ukakhala patebulo ndi ukakhala m'malere umatulutsanso zosiyana ngakhale zala zikuchita chinthu chimodzi, ndipo mnofu ukatopa kugwedezeka kwa magetsi ake kumatsika. Pamwamba pa zonsezi, mayi akamachira kadzukidwe ka minofu yawo kadzasintha, zomwe ndi zimene tikufuna, koma kwa kompyuta ndi kusintha kwa chinthu chomwe inaloweza. Yankho lake ndi kuiphunzitsanso kwa mphindi ziwiri kapena zitatu musanayambe tsiku lililonse, ndipo apa m'pamene LDA imaposera anzake. Pulogalamu izigwira ntchito popanda intaneti, ndipo mphamvu izichokera ku batire lomwe mungatchaje ndi sola.

Poyesa ngati chipangizo chanu chikulondola, pali msampha womwe umagwira ngakhale ophunzira a m'mayunivesite. Tizigawo toyandikana ta EMG timafanana kwambiri, makamaka tikamalowana, choncho mukatisakaniza n'kutenga tina tophunzitsira ndi tina toyesera, kompyuta imayesedwa pa zinthu zomwe yaziona kale ndipo imakupatsani 98 pa 100 yabodza. Phunzitsani ndi zojambula za ulendo wina, muyese ndi za ulendo wina, makamaka mutachotsa maelekitirodi n'kuwamatanso. Samalaninso ndi kupumula: ngati pa tizigawo 100 tokwana 80 ndi ta kupumula, kompyuta yongonena kuti "akupumula" nthawi zonse idzalondola 80 pa 100 isanazindikire kutambasula ngakhale kamodzi. Lembani tebulo loonetsa kuti kayendedwe kalikonse kanasokonezedwa ndi kati, ndipo muyang'anitsitse kangati yanena kuti mayi atambasula bwino pomwe anali akufumbata, chifukwa kulakwitsa kumeneko ndi komwe kumaphunzitsa zolakwika. Kuchira kwa mkono kokha sikuyezedwa ndi manambala a kompyuta yanu. A mafizo ali ndi miyeso yawo, monga ya Fugl-Meyer ya m'chaka cha 1975, yomwe imapereka mapointi 66 pa mkono, ndipo muyeso womveka kwa aliyense ndi wakuti kodi mayi ayamba kugwiritsa ntchito dzanjalo pakudya ndi povala.

Za chitetezo ndilankhula mwamphamvu. Musamate mawaya pathupi la mayi chipangizo chili cholumikizidwa ku laputopu kapena foni yomwe ili pa tchaja, chifukwa tchaja yowonongeka kapena mphezi ingathe kudutsitsa magetsi a m'nyumba m'thupi mwawo. Gwiritsani ntchito batire ndipo uthenga uzipita ku foni kudzera pa Bluetooth. Musapange nokha chipangizo chokoka minofu ndi magetsi. Zipangizo zotero zilipo m'zipatala, zina zimayamba kukoka EMG ikaonetsa kuti wodwala wayesa, koma zingathe kuotcha khungu lomwe silikumva bwino, ndipo zimafuna kusamala kwapadera kwa anthu a khunyu, amayi oyembekezera ndi omwe ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Musakoke mkono wofookawo powadzutsa kapena powakweza pa kabaza, chifukwa phewa lopanda minofu yoligwira limaguluka mosavuta ndipo ululu wake umaimitsa mafizo kwa miyezi. Ndipo chinthu choposa chipangizo chilichonse ndi kupewa sitiroko yachiwiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa, ndipo kafukufuku wa ku Blantyre anaonetsa kuti HIV nayonso imawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, ngati anapatsidwa, asadumphitse. Nkhope ikapotokanso, mawu akasokonekera kapena chiwalo china chikafooka mwadzidzidzi, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Popeza sitiroko ya kumanzere kwa ubongo nthawi zambiri imakhudza kulankhula ndi kumva mawu, afotokozereni mayi pang'onopang'ono, m'chilankhulo chomwe amachimva bwino, kaya Chiyao kaya Chichewa, muwaonetse pamkono panu kaye, ndipo akakana mulemekeze. Mukadzafuna kuyesa chipangizocho pa odwala ena, pamenepo mwalowa m'kafukufuku wa pa anthu, womwe umafuna chilolezo cha makomiti monga COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo. Musaope kugogoda pamakomo amenewa. Yunivesite imeneyi imaphunzitsa a mafizo ndipo ili ndi nthambi ku Mangochi konko, mayunivesite a MUST ku Thyolo ndi MUBAS ku Blantyre amaphunzitsa uinjiniya wa zipangizo zachipatala, ndipo ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre kuli anthu omwe aona mikono ya sitiroko yambiri kuposa momwe inu ndi ine tingawerengere. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo anatheka chifukwa opanga ndi ochiza anakhalira limodzi kuyambira pachiyambi.

Sabata ino, musanagule kalikonse, pitani ndi mayi ku chipatala cha St Martin's ku Malindi kapena ku chipatala chachikulu cha pa Boma, mukafunse kuti a mafizo mungaonane nawo liti, ndipo mukawapemphe zinthu ziwiri: ntchito zitatu kapena zinayi zoti mayi azibwereza kunyumba, ndi kuti akuonetseni ndi chala pomwe pali minofu yotambasula zala pamkono wawo. Yambani kuwerenga kubwerezako ndi cholembera m'kope kuyambira tsiku lomwelo. Chipangizo chikadzatheka, chiyeseni pamkono panu kwa masiku angapo, kenako chojambula choyamba kwa mayi chikhale ichi: ayese kutambasula zala kakhumi mkono utagona patebulo, kenako kakhumi mkono uli m'malere. Ngati minofu yotambasula ikumveka bwino mkono utagona koma ikumizidwa ndi yofumbata mkono ukakwezedwa, mwapeza pomwe mafizo ayenera kuyambira, ndipo zimenezo mukawaonetse a mafizo pa ulendo wotsatira kuti musankhire limodzi muyeso woyamba.